Mbatata Ziwiri za Nangondo

Panali mayi wina, makolo anzanga, amene ankalima mbatata m'mbali mwa mtsinje wa Rivirivi. Dzina lake anali Nangondo, ndipo mwamuna wake anali a Kamtedza. Mbatata yawo inali ya mtundu umodzi wokha, umene Nangondo anasiyiridwa ndi mayi ake. Masamba ake anali otambalala ngati chikhatho cha munthu wamkulu, osang'ambika paliponse. Ikayanga, nthaka sinkaoneka. N'chifukwa chake anthu ankaitcha Mphasa.

Inu olima mukudziwa kuti mbatata sitidzala njere. Timadula chingwe n'kuchikwirira pamzere, ndipo chomeracho chimafanana ndi kumene tadula: tsamba lomwelo, khungu lomwelo, kukoma komweko. Mphasa ya Nangondo inali yomwe ija mayi ake ankadya ali mtsikana.

Tsiku lina akuthyola kholowa wa ndiwo, anaona kuti pamene panali duwa patsala kachipatso kouma, kakang'ono ngati nandolo. Atakafikisa ndi zala, munatuluka njere zinayi zakuda, zolimba ngati timiyala. Anali atalima mbatata kuyambira ubwana wake, koma njere zake anali asanazigwirepo. Anazimanga pansonga ya chitenje n'kupita nazo kunyumba. Kumeneko anazikhutiza pang'ono pamwala kuti madzi alowe, n'kuzifesa m'phale kuseri kwa khitchini.

Zinamera zitatu. Poyamba zonse zinali zofanana, timasamba tiwiri togawikana pakati ngati chiboda cha mbuzi. Kenaka zinayamba kusiyana. Ziwiri zinatulutsa masamba onga a mayi wawo. Yachitatu tsamba lake loyamba linali ndi kang'ambi kakang'ono m'mbali. Lotsatira linang'ambika kwambiri, linalo kuposa pamenepo. Pofika tsamba lachisanu ndi chiwiri, linali litasanduka zala zisanu zoonda, ngati phazi la nkhuku.

A Kamtedza anazipeza m'mawa wina akufuna nkhwangwa.

"Mayi, ichi mukuthirirachi n'chiyani?"

"Mbatata, bambo."

"Mbatata ya kwa yani? Mphasa sabala zotere. Ili ndi thengo basi, mukutaya madzi."

"Mayi wake ndikumudziwa, njereyo ndinatola ndekha," anayankha Nangondo. "Za bambo wake kafunseni njuchi. Ndizo zimayenda m'minda ya eni."

A Kamtedza anaseka, n'kunyamula nkhwangwa yawo. Koma mayi uja ananena zoona. Chingwe chimabwereza kholo limodzi, pomwe njere imatenga mbali ziwiri, ndipo imatenganso kwa makolo akale amene palibe akuwakumbukira. Chimene chinagona tulo mwa kholo chikhoza kudzuka mwa mwana.

Mvula itagwa, Nangondo anadzala zitatu zija kumapeto kwa munda, pamchenga, pamalo amene mwamuna wake sakanadandaula nawo. Ziwiri za masamba otambalala zinayanga bwino, koma pokumba anapeza mizu yokhayokha, yoonda ngati chala. Anazisiya. Ya zala zisanu ija inabereka mbatata zinayi, zofiira kunja, zaufa m'kati. Anadya ziwiri, n'kusunga zingwe kudimba. Chaka chotsatira anadzala mizere iwiri. Chinacho mizere isanu ndi umodzi. Anthu odutsa ankaima n'kufunsa ngati wayamba kulima chinangwa chokwawa, ndipo dzina loti Phazi la Nkhuku linakhazikika.

Chaka chimenecho mvula inayamba bwino, koma mu February inadula. Ng'amba inakhala masabata asanu. Dzuwa likafika paliwombo, masamba a Mphasa ankalefuka n'kugona pansi ngati nsalu zonyowa. M'mawa ankadzuka, masana n'kugonanso, mpaka tsiku lina sanadzukenso. Tsamba lalikulu limamwa kwambiri, ndiponso limagwira kutentha. Koma Phazi la Nkhuku linangoima. Mphepo inkadutsa pakati pa zala zake n'kuliziziritsa, ndipo madzi ochepa a mumchenga muja ankalikwanira.

Chimanga chinapsa m'minda yonse ya m'derali. Banja la a Kamtedza linadya mbatata ya m'mizere isanu ndi umodzi ija, yophika, yootcha, ina yoyanika. Ana awo atatu sanagone ndi njala. Anansi anabwera kudzapempha zingwe, ndipo Nangondo sanamane aliyense.

A Kamtedza anasintha. Iwo amene ankati ndi thengo, tsopano ankaima pamsika n'kumauza anzawo kuti mbatata imeneyi inabadwira kuseri kwa khitchini yawo. M'mudzi monse anthu anataya mtundu wakale. Mbuzi zinadya zingwe za Mphasa, ndipo palibe anazithamangitsa.

Mphasa inatsala pamalo amodzi okha, pabedi laling'ono kudimba la Nangondo. Inali mu October, chitsime cha kudimbako chitatsika kwambiri. Tsiku lina masana a Kamtedza anabwera ndi khasu n'kuima pabedi lija.

"Ichi ndizule," anatero. "Chikutimalizira madzi. Ndowa zitatu pa tsiku, pomwe mnzakeyu imodzi imukwanira. Tidzalepo Phazi la Nkhuku."

Nangondo anali kuchitsime. Anatula ndowa, n'kubwera kudzaima pakati pa bedi ndi mwamuna wake.

"Bambo, khasulo liikeni pansi."

"Mayi, simunaone ndi maso anu? Chinatithawa pa nthawi ya njala chimenechi."

"Ndinaona. Chaka chimodzi. Nanga zaka zonse zija tinkadya chiyani? Ana anuwa anakulira chiyani?"

"Zakale zimenezo. Mvula ya masiku ano ndi ina."

"Mvula ya chaka cha mawa mwaiona kale inu?"

A Kamtedza anatsitsa khasu lija.

"Pamene kanthu kaja kanali m'phale, munati ndi thengo," anapitiriza Nangondo. "Sindikukunenani ayi, nanenso sindinkadziwa kuti kadzatidyetsa. Ndinangokasunga. Ichinso ndisiyireni ndisunge. Madzi ake nditunga ndekha."

A Kamtedza anayang'ana bedi lija, anayang'ana mkazi wawo, n'kukoleka khasu paphewa.

"Msana ndi wanu," anatero, n'kumapita.

Ndipo anatungadi. Chitsime chitauma, ankatsikira kumtsinje, n'kukafukula mchenga mpaka madzi atuluke. Ndowa zitatu m'mawa uliwonse, October yense ndi November yense. Amayi anzake ankamufunsa chifukwa chimene akuvutikira mbatata yoti aliyense anaitaya. Iye ankangoti, "Ndi ya amayi anga," chifukwa yankho limenelo silinkafuna kufotokoza. Masiku ena a Kamtedza ankanyamula ndowa yachitatu.

Mvula itabwera, anadzala theka la munda Phazi la Nkhuku, theka Mphasa. Chaka chimenecho sichinaonetse kanthu. Mvula inagwa mwapakatikati, mitundu yonse iwiri inabereka, ndipo anthu anati Nangondo anavutika chabe. Iye sanatsutse. Anasunganso zonse ziwiri.

Chaka chinacho mvula inagwa ngati yaiwala kuleka. Kuyambira Khirisimasi mpaka March, dzuwa linkangosuzumira. Udzu unamera usiku ndi usana. Ukapalira lero, pakutha pa sabata chisoso chadzukanso. Mu January momwemo Nangondo anachira, mwana wamkazi, chitsirizira chawo, ndipo kumunda sanapiteko mwezi ndi theka. A Kamtedza anatsala okha ndi khasu limodzi, chimanga uku, mtedza uku. Kumbatata sanafikeko.

Tsiku limene Nangondo anabereka khanda kumbuyo n'kupita kukaona munda, anapeza mbali ya Phazi la Nkhuku yalowa tchire. Mipata ija ya pakati pa zala, imene inkadutsitsa mphepo m'chaka cha ng'amba, tsopano inkadutsitsa kuwala mpaka pansi, ndipo udzu unakula n'kuipitirira mbatata. Zingwe zinali zachikasu, zoonda, zikufunafuna dzuwa. Koma mbali ya Mphasa kunali bii, tsamba pamwamba pa tsamba. Anavundukula ndi dzanja: pansi panali mdima, udzu wake wowerengeka, wofooka, wozuka ndi zala ziwiri. Nthaka inali itang'aluka m'mizere chifukwa cha mbatata zimene zinkakula m'kati.

Anathyola kholowa wodzaza lichero, n'kubwerera kunyumba. A Kamtedza anali pakhonde akukonza mpini. Anayang'ana lichero lija, masamba akuluakulu obiriwira, ndipo anazindikira.

"Kuli bwanji kumeneko?"

"Mukaone nokha, bambo."

Anapita. Atabwerako anakhala pansi, n'kunyamula khanda lija, n'kumasewera nalo kanthawi ndithu.

"Mayi," anatero pomaliza, "tsiku lija ndikanazula."

"Simunazule," anayankha Nangondo. "Sambani m'manja, ndiwo zapsa."

M'mudzimo chaka chimenecho mbatata inavuta, chifukwa minda yonse inali ya mtundu umodzi, ndipo yonse inagonja ndi udzu nthawi imodzi. Anthu anayambanso kubwera kwa Nangondo, ulendo uno kudzapempha Mphasa. Ena ankachita manyazi, n'kuyamba ndi nkhani zina. Iye ankapita nawo kumunda, n'kudula zingwe mbali zonse ziwiri, n'kuzimanga mtolo umodzi.

Mayi wina anati, "Ine ndimafuna ya masamba akuluyi yokha. Inayi yatikhumudwitsa."

"Tengani zonse, achemwali," anatero Nangondo. "Ine sindipereka imodzi."

Banja lija linakhala bwino. Sanalemere ayi, koma panalibe chaka chimene munda wawo unawabweza chimanjamanja. Nangondo anakalamba akulima mizere yake, uku ya masamba otambalala, uku ya zala zisanu, ndipo sananenepo kuti ina iposa inzake.

Tsono makolo anzanga, ine ndaphunzitsa pasukulu pano zaka khumi ndi zinayi. Posachedwapa ndiitana maina, ndipo aliyense alandira pepala la mwana wake. Ena mwa inu muli ndi ana awiri muno, a mimba imodzi, wina wakhala nambala wani, wina ali kumunsi kwenikweni. Mukudabwa kuti ameneyu anatengera yani. Ine sindikudziwa, ndipo mwina inunso simudzadziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti pepala limeneli likunena za nyengo imodzi yokha, ndipo nyengo zimene ana awa adzakhalemo palibe pakati pathu amene waziona.

Wakhozayo muyamikireni, wagwira ntchito. Koma musanyamule khasu pa mnzakeyo. Musamusiyitse sukulu kuti malo atsale a wanzeruyo. Ngati akufuna ndowa zitatu pamene m'bale wake imodzi imukwanira, tungani zitatuzo. Mukafika kunyumba madzulo ano, muwakhazike pamodzi, adye m'mbale imodzi, ndipo teremu ikubwerayi mundibweretsere onse awiri.