Mkamwini amene anasanduka dolofini

Ana inu, mwandivutitsa mokwanira ndi funso lanu, loti bwanji dolofini wa mumtsinje, nyama ija yooneka ngati chinsomba, amangoonetsa msana, kupuma kuti phuu, n'kumira alendo asanamuonetsetse. Khalani pansi. Nkhani yake ndi ya mowa ndi manyazi.

Kale, mumtsinje waukulu munalibe dolofini. Munali ng'ona, nsomba, ndi bwato la mkamwini wina dzina lake Chimphonda. Iyeyu ankanyamula anthu kupita nawo kumtunda, ku kachisi wamiyala, wakalekale moti mizu ya kachere inali italowerera m'zipupa. Kupalasa ankatha, nsanje ndilibe. Vuto linali kummero kwake, kosachedwa kuuma.

Chaka china mvula inakana. Mudzi unagwirizana zokapereka nsembe ku kachisi, ndipo amene anafulula mowa wa nsembeyo anali apongozi ake, a Nangondo, ndi mawere awo otsiriza. Wonyamula mowawo pa bwato anali Chimphonda, ndiye mkazi wake anamukokera kuseri kwa nkhokwe.

"Bambo, mukangoulawa mowawu, amayi akuthamangitsani pamudzi pano. Ine sindidzakulankhulirani."

"Ine kulawa za mizimu? Ndiwe mwana eti," anatero Chimphonda.

Mukudziwa kuti mkamwini ndi apongozi sayang'anana. Choncho a Nangondo anakhala kutsogolo kwa bwato, maso kumene akupita. Chimphonda anakhala kumbuyo ndi nkhafi. Mtsuko unali pakati, wovindikira ndi tsamba la nthochi, popanda diso loulondera.

Dzuwa linaswa mtengo, fungo la mowa n'kumamupeza. Anapirira mpaka pamene bwato linadutsa m'mabango. Apo anathyola bango, kuboola tsamba lija, kutalikitsa milomo, n'kukoka pang'ono. Anadziuza kuti mizimu siingadandaule ndi kadontho. Kadonthoko kanaitana anzake.

A Nangondo sakanamufunsa mwachindunji, ndiye analankhula ndi madzi. "Mtsinje iwe, tawafunsa opalasawo, bwanji bwato likuyenda mokhotakhota?"

"Mtsinje, uwauze amayi kuti ndi mafunde," anayankha Chimphonda. Madzi anali bata ngati a m'mbale.

Bango litayamba kukoka mpweya wokha, mantha anamugwira. Anatenga chikho chokapira madzi m'bwato, kudzaza mtsuko ndi madzi a mumtsinje, n'kuvindikira bwinobwino.

Ku kachisi anthu anagwada, akuwomba m'manja. Wansembe wokalamba, a Mkuzi, anapendeketsa mtsuko pa mwala wa nsembe. Munatuluka madzi oyera mbee, ndipo pambuyo pake panagwa kansomba, n'kumaphiriphitha pamwalapo.

A Mkuzi anakayang'ana kansombako nthawi yaitali. "Mayi, ife tabwera kudzapempha madzi kwa mizimu. Inu mwaibweretsera madzi omwewo?"

Ndimawamvera chisoni a Nangondo mpaka lero. Mayi wofulula mowa wotchuka, kuchititsidwa manyazi pamaso pa mudzi wonse, mawere atapita. M'kachisi munangoti zii.

Ndiye Chimphonda anageya. Kugeya kwake kunamveka m'zipupa zonse, fungo la mowa n'kudzaza kachisi. A Nangondo anatembenuka, ndipo kwa nthawi yoyamba chikwatirireni mwana wawo, anamuyang'ana m'maso.

Mkwapulo akanaupirira, koma maso amenewo ayi. Chimphonda anathamangira kumtsinje, bango lake m'manja, n'kudziponya m'madzi kuti khuvu. Anafuna kupumira m'bangomo, koma kuti atero anayenera kuloza nkhope kumwamba, kumene apongozi anaima pagombe manja m'chiuno. Ndiye anaweramitsa nkhope pansi, bango n'kulidzika pamutu, ngati kuti pamutu pali mphuno.

Mizimu inali itakwiya, koma itaona zimenezi inaseka mpaka misozi, ndipo misoziyo ndiyo mvula imene inagwa tsiku lomwelo. Itatha kuseka inati, "Popeza wasankha kupumira pamutu, zikhale choncho." Pamutu panabooka. Milomo imene anatalikitsa pokoka mowa inakhala yaitali chomwecho, manja n'kusanduka tinkhafi.

A Nangondo anapalasa okha kubwerera kwawo, ndipo bwato linayenda mowongoka.

Ndi chifukwa chake lero, mukakwera bwato kukaona akachisi akale, dolofini amakutsatirani, poti njirayo ndi yake. Amavuuka, n'kupuma kuti phuu, kuyesa ngati fungo la mowa linatha. Koma akangoona munthu atakhala kutsogolo kwa bwato, amamira msangamsanga. Amayesa ndi apongozi.