Mtengo wa Mango wa Nangondo

Sendezani mpandowo kuno, ndikuuzeni za Nangondo.

Mayiyu ankakhala pamalo a a Kaphwiti, mwini chigayo, ndipo ana ake ankadalira mtengo wa mango wa pakhomopo. Tsiku lina a Kaphwiti anafika ndi nkhwangwa.

"Mayi, masambawa andikwana. Lero ugwe."

"Dulani, bambo," anatero Nangondo. "A Gomani akondwa. Akuti umabisa chikwangwani cha chigayo chawo."

A Gomaniwo anali alamu awo a a Kaphwiti, koma sankamwerana madzi. Nkhwangwa inatsika.

"Wokhudza mtengowu athana ndi ine!" analumbira a Kaphwiti, anthu akumva.

Kuyambira pamenepo ankasesa okha masambawo, akuimba mluzu.

Mmawa wina a Gomani anadutsa.

"Alamu, mwachita bwino kuusunga. Anthu obwera kuchigayo kwanga amadikirira pamthunzi pomwepa."

A Kaphwiti anauma, tsache lili m'manja. Kudula, akondweretsa mlamu. Kusiya, chimodzimodzi. Nangondo anangowapatsira bango lakupsa la mumtengomo.

"Idyani, bambo, muziganiza bwino."

Mtengowo ulipobe. Mukawauzeko anzanu nkhaniyi, makamaka aja onola nkhwangwa mtima ukuwira.