Mapale a pa Bwinja la Mtandamula

Kalekale, makasu akadali osulidwa m'ng'anjo za kuno kwathu, makolo athu ankakhala pamwamba pa phiri la Mtandamula, m'linga la miyala, pakuti kuchigwa kunali nkhondo. Dziko litazizira anatsika namanga mudzi m'mphepete mwa dambo, ndipo linga lija linasanduka bwinja la mbira ndi anyani. Mbiri iyi ndinaimva kwa malume anga a Chisauka, amene anaimvanso kwa malume awo.

M'mudzi wa padambowo munali Kamtengeni, mwana wa Nambewe, mdzukulu wa Chatsika amene anatsogolera anthu potsika phiri. Iyeyu ndiye ankayang'anira mbumba yonse, munthu wa mtima wapachala, wolankhula ngati akuwaza nkhuni. Chaka china, mvula ili pafupi, kunafika mayi wochokera kumwera dzina lake Nyakamera, ali ndi pakati, mwamuna wake atafa ndi njala m'njira. Anapempha kamalo komangapo ndi kulimapo, nati agogo ake ankamuuza kuti kwawo kwenikweni kunali pa phiri lomwelo.

"Mlendo ndi mame, mayi," anatero Kamtengeni. "Madzi mwamwa, mwapuma, pitirirani. Dothi lino lili ndi eni ake."

Komatu aliyense ankadziwa kuti kum'bweza mayi wotere m'nyengo ya dzinja kunali kum'pha pamodzi ndi mwana wam'mimba.

Masiku amenewo mlandu wa malo sunkathera pakamwa. Banja lililonse linali ndi mphini zakezake zimene akazi ankatema pamilomo ya mbiya, ndipo pakabuka mkangano, otsutsanawo ankakwera ku bwinja kukakumba padzala la makolo. Mwini phale lopezeka pansi pa linzake ndiye ankakhala mwini nthaka. Kamtengeni anakakamira kuti atsate mwambowo, nadziguguda pachifuwa kuti akabwera nalo phale la mizere yopingasa, mphini za amayi ake. Nyakamera anangoti zakwawo ndi timadontho ngati ta nkhanga.

Anakwera awiriwiri, bamboyo patsogolo ndi khasu, osacheuka ngakhale mayi uja akupuma movutika. Kamtengeni anabadwira kudambo, ndipo linga ankangolimva m'nyimbo. Atafika anaona makoma ogumuka, mafuwa akuda akadali pamalo pake, ndi thanthwe lokumbika maenje ndi akazi amene ankaperapo mapira. Pakamwa paja panayamba kuchepa.

Sanakumbe nthawi yaitali, khasu linatulutsa phale la mizere yopingasa.

"Si ili! Mayi, muli ndi mawu?"

"Kumbanibe, bambo. Mwambo umati pansi."

Anakumba mokwiya, ndipo m'phulusa lakale munatuluka phale la timadontho. Ha! Mwa mwambo umene Kamtengeni mwini anaukakamira, mlendo tsopano anali iyeyo ndi mbumba yake yonse. Mboni panalibe, khasu linali m'manja mwake, ndipo phale silichedwa kuphwanyika. Malume ankati akafika apa amandikumbutsa kuti moyo wathu unali pansi pa khasu limenelo. Koma munthu uja, ngakhale anali waukali, sanali wachinyengo. Analitola phalelo nalipereka ndi manja awiri.

Nyakamera sanalulute. Anagwada movutikira nayamba kufukula ndi zala, mpaka anatulutsa phale lina lakuda, lopanda mphini za banja lililonse, koma lokhala ndi chidindo cha kachala ka mwana amene anakhudza mbiya dongo lisanaume.

"Uyu ndi wa kwanu?" anafunsa Kamtengeni.

"Iyayi, bambo. Sindimudziwa."

"Nanenso sindimudziwa. Koma ankawasokoneza amake poumba, monga achitira adzukulu anga."

Atatero anakhala pansi nalira, mwamuna wamkulu ndithu, osabisa nkhope. Potsika anayenda pambuyo, akum'gwiriziza mayi uja pamiyala yoterera.

Pabwalo anayala mapale onse atatu pamaso pa anthu, nati: "Abale anga, mwini nthaka ndi mwana uyu, ndipo sanabwere kudzatithamangitsa. Enafe tonse tinafika ndi mtolo pamutu." Tsiku lomwelo anapita yekha kukadula mitengo ya nyumba ya Nyakamera, ndipo mvula yoyamba inam'peza akufolera denga. Padzenje limene anakumba paja panatumphuka kasupe, ndipo sanaphwepo ngakhale m'zaka za chilala.

Mwana anabadwa wamkazi, anam'tcha Tafika. Tafika anabala Ndaziona, Ndaziona anabala Mwadaine, ndipo Mwadaine anabala a Chisauka ndi amayi anga. Ndiye mukandimva ndikutchula dzina la Kamtengeni mwaulemu, musadabwe. Ndimathokoza khasu limene silinagwe, ndiponso mayi amene anapambana mlandu koma sanathamangitse munthu.

Lero makoma aja akadalipo, kasupe akutumphukabe, ndipo amene akwera phirilo modzikuza amatsika atafatsa. Mboni ina ili m'nyumba zathu: mayi wa kwathu akaumba mbiya, amaitana mwana aliyense amene ali pafupi, wake kapena wa mlendo, kuti adinde chala pamlomo pake dongo lisanaume. Mbiya imene ndinadinda ine amayi akutungirabe madzi.