Anaitanidwa Katatu m'Chiperoni

Panali bambo wina, telala, amene ankasoka pakhonde la sitolo m'tsinde mwa phiri. Dzina la phirilo ndilisunga, koma la bamboyo nditchula, poti ngakhale agalu a kumeneko amalidziwa. Anali a Likhutcha. Anali mkamwini pamudzipo, bambo wa ana anayi, ndiponso mkulu wa mpingo. Iwo akati tipemphere, amayi ankayamba atambasula miyendo, podziwa kuti ameni ali kutali.

Munthuyu anali ndi chizolowezi. Lachisanu loyamba la mwezi uliwonse ankavundikira makina, kutenga ndodo, botolo la madzi ndi Baibulo, n'kukwera phiri kukapemphera pansonga penipeni. Ankati pansi pano pali phokoso, pemphero limasochera. Akazi awo, a Eneresi, ankawawotchera mbatata ya kamba n'kuwaperekeza mpaka pamjigo.

Tsono Lachisanu lomwelo ndi limenenso nkhuni zinkamuthera Jesinala, mayi wamasiye wa ana awiri, amene ankatsogolera nyimbo kukwaya. Iye ankadzera njira ya kumanda, iwo ya kumjigo. Njira ziwirizo zimakumana pamkuyu, poyambira nkhalango. Za mmene mapempherowo ankayendera akafika pamwamba musandifunse, ine kunalibe.

Phiri limenelo silikwereka ndi miyendo yokha. Ukatuluka m'nkhalango umapeza mathanthwe, ndipo pamenepo ndodo imasanduka katundu, umakwawa ndi manja ndi maondo ngati gulo. Chakumtunda kuli mpata wa pakati pa miyala iwiri, woti wonenepa amalowa cham'mbali atafinya mimba. Ukatuluka apo pali kanjira kodutsa m'mphepete mwa phompho, kokwana phazi limodzi. Kenako nsonga.

M'chilimwe ankakwera mwala ukuwotcha zikhatho, phiri lonse lili bii ndi lupsa, njira ikuoneka yokha ngati mzere wa choko. M'dzinja ankakwera ndere zitamera pamathanthwe, timitsinje tikudula njira, Jesinala atavula nsapato n'kuzimangirira m'chitenje. M'masika udzu unkawafika m'khosi n'kumawacheka mikono. Nyengo zitatu zonsezo anakwera n'kutsika opanda ndi chilonda chomwe, mpaka a Likhutcha anayamba kuliyesa phirilo khonde la kwawo.

Inatsala nyengo yozizira.

Lachisanu loyamba la Julaye kunacha kuli mbee, koma kamphepo kena kankaluma makutu. Pamkuyu paja anamva anthu akubwera, Jesinala n'kubisala kuseri kwa mtengo. Anali onyamula matabwa, akutsika mothamanga. Anawauza a Likhutcha kuti abwerere, kumtunda kwanunkha chiperoni, ngakhale ocheka matabwa asiya macheka awo atsika. A Likhutcha anathokoza, n'kunena kuti pemphero silidikira nyengo. Anthu aja atapita, awiriwo anapitiriza.

Anafika pansonga dzuwa lili paliwombo. Mbatata sanaimalize. Mtambo unakwera kuchokera pansi, mwakachetechete, n'kumeza mudzi, kumeza nkhalango, kenako kuwameza iwo. Kwa inu amene simunachione, chiperoni si mvula ndipo si nkhungu wamba. Ndi mvumbi wozizira wolowa m'mafupa, woti ukatambasula dzanja zala suziona.

Anayamba kutsika chokhala, akupapasa mwala. A Likhutcha patsogolo, Jesinala pambuyo. Pakanjira ka m'mphepete mwa phompho paja anangomva kukhulika kwa chitenje pathanthwe ndi kamawu kamodzi. Atacheuka, kumbuyo kunalibe munthu.

Mwayi wake, sanapite mpaka pansi. Anagwera pamwala wotulukira m'mbali mwa phomphowo, wokula ngati mphasa imodzi, pansi pa njira pang'ono. A Likhutcha anatsetsereka n'kumupeza, mwendo utathyoka pamwamba pa kakolo. Anayesa kumukweza, koma thanthwe linali loterera ngati sopo. Anayesa kumubereka, maondo anakana. Anavula jekete n'kumufunditsa, n'kukhala pambali pake, msana kukhoma la mwala, zala za kumapazi zikusuzumira m'phompho.

Poyamba Jesinala ankanjenjemera mpaka mano kumawombana. Ankanena za ana ake, kuti anawasiya okha atawauza kuti abwera masana, ndipo wamng'onoyo sadya popanda iye. Kenako mawu anayamba kuchepa. Kenako kunjenjemera kunasiya, n'kuyamba kunena kuti akumva tulo. A Likhutcha anali atamvapo anthu a m'phiri akunena kuti wozizidwa akasiya kunjenjemera n'kufuna kugona, imfa yafika pakhomo. Anamugwedeza, kumutsina, kumuuza kuti ayimbe. Kuwala kunayamba kuchepa.

Ndiye anamva mawu chakumtunda kwa mutu wawo.

Anthu a kumeneko ali ndi kafunidwe kawo ka munthu wotayika m'chiperoni. Amayenda atagwira chingwe chimodzi. Akafika pamalo amaima, mmodzi n'kuitana dzina katatu, ena onse ali chete kumvetsera. Kachitatu kakapita popanda yankho amati pano palibe, n'kusuntha. Sabwereranso, poti phiri ndi lalikulu ndipo dzuwa silidikira.

Woitanayo anali a Khwiliro, mlamu wawo, mchimwene wa a Eneresi, munthu woti chikwanje sichichoka m'manja mwake. Onyamula matabwa aja anali atakanena kumudzi kuti a Likhutcha akwera phiri.

Dzina la a Likhutcha linamveka koyamba. A Likhutcha anatsegula pakamwa. Koma m'maso mwawo munabwera nkhope za a Khwiliro ndi anzawo zikusuzumira pansi, zikuona mkulu wa mpingo atapanikizana pamwala ndi mayi wamasiye wovala jekete lawo. Munabwera Lamulungu, mpando wawo wakutsogolo, ndi pakamwa pa amayi a pamjigo. Anatseka pakamwa.

Linamveka kachiwiri. Jesinala anadzidzimuka n'kukoka mpweya kuti ayankhe. Dzanja la a Likhutcha linafika pakamwa pake mawu asanatuluke.

"Dikira apite kaye," ananong'ona. "Kukangoyera ndikutulutsa ndekha."

Linamveka kachitatu. Kunali zii, kupatula madzi odontha pathanthwe. Kenako a Khwiliro anati pano palibe, ndipo timiyala tinayamba kugwa, kusonyeza kuti mapazi asuntha.

Koma mawu a mayi wina anawauza kuti aime kaye. Anali a Eneresi. Mayi woti sanakwerepo ngakhale chulu anali atakwawa mathanthwe onse aja, n'kupanikizika mumpata muja, kumbuyo kwa amuna anayi. Ndipo dzina limene anaitana silinali la amuna awo.

"Jesinala. Jesinala mwana wa a Mulipa, ngati uli pano yankha. Ana ako ali kwanga. Adya, koma akufunsa."

Dzanja lija linagwa lokha.

"Ndili pano, amayi."

Mawuwo anali ochepa ngati a kamwana ka mphaka, koma anamveka. Kumtunda kunayamba piringupiringu, chingwe chikumangidwa kumwala, a Khwiliro akulamula uyu agwire apa, uyo apo. A Likhutcha anayang'ana uku ndi uku. Kumapeto kwa mwala umene anakhalapowo kunali mng'alu wolowa mkati mwa thanthwe, woti munthu atha kubisalamo chogona. Anayamba kukwawira komweko. Kenako anabwerera, n'kumuvula Jesinala jekete lija, mkono umodzi, kenako winawo, kuti lisawaulule. Mayiyo sanalimbane nawo. Anangowayang'ana.

A Khwiliro anatsika ndi chingwe, kumumanga mayiyo m'khwapa, n'kumufunsa ngati ali yekha. Jesinala anatembenukira kumng'alu kuja. Panali masitepe atatu okha, koma nkhungu inali itatseka. Anangogwetsa misozi. Anamukoka n'kumufikitsa panjira, ndipo a Likhutcha anamva akazi awo akumufunditsa bulangete, akumuuza kuti amwe tiyi pang'onopang'ono asapse.

Amuna aja anati tiyeni, kukuda. A Eneresi anati ayi, aitananso katatu pomwepo, ndipo aitana okha. Sanakuwe. Anaitana ngati mmene ankaitanira madzi osamba akafunda.

Koyamba anati, "A Likhutcha."

Kachiwiri anatchula dzina la mwana wawo, anati, "Abambo a Sigele."

Ndiye kachitatu, motsitsa mawu, anati, "Amuna anga."

A Likhutcha analuma mkono wa jekete. Chingwe chinali chikulendewerabe pamenepo, akanatha kuchigwira atangotambasula dzanja. Sanayankhe.

"Pano palibe," anatero a Eneresi. "Tiyeni."

Chingwe chinakwera.

Mmene anachezera mumng'alumo akudziwa ndi iwo ndi Mulungu wawo. Imfa inawanunkhiza n'kuwasiya. Kutacha chiperoni chinayera, mwala unauma, ndipo anakwera ndi zikhadabo mpaka kufika panjira. Anatsika akutsimphina, milomo itang'ambika, Baibulo lonyowa kukhwapa. Njira yonse ankakonza nkhani yawo, yoti mvumbi unawapezera kuphanga la tsidya lina, anali m'pemphero, ndipo sanamve kuitana kulikonse. Pofika pamjigo nkhaniyo inali itapsa bwino, moti iwo eni anatsala pang'ono kuikhulupirira.

Pabwalo la nyumba yawo anapeza makina osokera ali panja, pamwamba pake pali mtolo wa zovala womangidwa m'chitenje. Pakhonde panali amayi asanu ndi mmodzi akutong'ola chimanga. Palibe anakweza mutu, koma makutu onse anali chilili. A Khwiliro anakhala pampando akunola chikwanje. M'nyumba munkamveka mawu a Jesinala, akuuza mwana wake kuti asakhudze mwendowo.

A Likhutcha anati odi. Kunali zii. Anatinso odi. Chimanga chokha chinkagwera m'lichero. Atati odi kachitatu, a Eneresi anatulukira pakhomo, maondo atakulungidwa nsanza chifukwa cha mabala a mathanthwe. Anayang'ana pamwamba pa mutu wa amuna awo, ngati akuyang'ana phiri.

"Achimwene, dzulo ndinaitana katatu inu muli pomwepo. Munamva yankho?"

"Sindinamve, mlongo."

"Ndiye ngati pali wina akufuna mwini nyumba ino, amuuze kuti pano palibe munthu wake."

Analowa n'kutseka chitseko. A Likhutcha anaima pamenepo ndi nkhani yawo yokonzakonza ija m'kamwa, yopanda woimvera. Kenako anapinda jekete n'kupanga nkhata, kusenza makina, n'kulowera njira ya kwawo.

Tsono inu mukundimverani, musafulumire kunena kuti chinawachotsa pamudzi ndi chibwenzi. Chibwenzi chinali tchimo, inde, ndipo sindikuchiyamikira. Koma a Eneresi anakwera phiri lija akudziwa kale zonse, ndipo ananyamula mabulangete awiri. Limodzi linatsika litafunda munthu. Linalo linatsika lopindapinda mmene linakwerera.

Aliyense wa ife ali ndi kamwala kake kamene wapanikizikapo, kamene sakufuna kuti anthu amuonepo. Manyazi amakuuza kuti khala chete apite kaye, ukonza wekha kukayera. Koma amene wakwawa mathanthwe kudzakufuna sanabwere kudzafunsa kuti uli ndi yani. Wabwera ndi chingwe. Mukamva dzina lanu, yankhani koyamba, ngakhale muli pamalo oipa. Kachitatu sikachedwa kukwana.