Kompyuta Imene Inabwerako Yopepuka

Ku Ndirande kunali mayi wina, mkazi wa munthu wojambula nyimbo za makwaya. Ntchito ya mwamunayo inkafuna kompyuta yamphamvu, yosatopa ngakhale mutaisenzetsa mawu a anthu makumi anayi nthawi imodzi. Itakwana nthawi yopeza yatsopano, awiriwa anasiyana maganizo. Mkazi anati akagule yathunthu m'sitolo, ya m'katoni mwake, yokhala ndi chikalata choti ikavuta mudzabweze. Mwamuna anakana. Anali ndi mnzake ku Chilomoni, mmisiri wachikulire amene ankamanga makompyuta ndi manja ake. Mmisiriyo anaitanitsa zipangizo chimodzichimodzi. China chinabwera pa basi kuchokera ku Joni, china anachidikira miyezi iwiri, china anachibweza kawiri chifukwa sichinamukhutiritse. Kenako anamanga, n'kuipereka. Inagwira ntchito zaka zisanu osavuta.

Chaka chachisanu ndi chimodzi mwamunayo anadwala sabata imodzi, n'kumwalira.

Mukudziwa mmene timachitira pamaliro. Timatulutsa katundu pabalaza kuti azimayi apeze pokhala. Anthu ananyamula mipando, tebulo ndi kompyuta ija, n'kukaziunjika kuchipinda. Onse atabalalika, mayiyo anaibweza kompyutayo pamalo pake. Sankafuna zambiri. M'katimo munali nyimbo imodzi imene mwamuna wake anaimba yekha poyesa maikolofoni, ndipo kumapeto kwake anaseka n'kumuitana dzina. Ankafuna kumva kuseka kumeneko basi.

Anadina batani. Fani inazungulira, kompyuta inalira katatu, pagalasi panangoti bii.

Mayiyo anapsa mtima. Anakwiyira mwamuna wake chifukwa chosamumvera, koma wakufa sungamukalipire. Choncho mkwiyo wonse unagwera mmisiri uja. "Akanagula ya m'sitolo, bwenzi ndili ndi kolowera," ankatero mumtima. Analumbira kuti pakhomo pa munthu ameneyo sadzapondapo.

Anaikulunga kompyutayo m'chitenje, n'kupita nayo kumsika, kumene kuli timashopu ta okonza zamagetsi. Woyamba anati, "Mayi, mwafika pamalo pake. Isiyeni, mubwere Lachinayi." Lachinayi anati yakanika. Wachiwiri anaseka woyambayo: "Uja ndi wa mafoni, sadziwa kanthu. Dokotala wake ndine." Wachitatu sanafunse n'komwe kuti vuto linayamba bwanji, anangoisisita pamwamba, nati walidziwa kale. Aliyense anamupepesa maliro ndi mawu okoma. Koma nthawi iliyonse ikabwerako, inkapepuka. Ulendo woyamba anaisenza pamutu khosi likuwawa. Ulendo wachitatu anainyamula m'khwapa ngati dengu lopanda kanthu. Ndipo tsopano ngakhale fani siinkazungulira.

Pamenepo ndi pamene anapita ku Chilomoni. Sanapite kukapempha thandizo. Anapita kukamuponyera chinthucho kumapazi.

"Tengani chinyalala chanu! Munapusitsa amuna anga. Lero ali kumanda, ndipo mawu awo mwawakwirira nawo limodzi!"

Mmisiriyo anamulola anene zonse mpaka mawu anamuthera. Kenako anatola kompyutayo, naiika patebulo, naitsegula. Anayang'anamo nthawi yaitali. Mayiyo anaona nkhope yake ikusintha. Munthuyo anali atakwiya, kuposa mayiyo, koma sanakwiyire iye.

"Mlamu, ndani wakhala akulowa muno?" Analoza ndi chala. "Apa ndinaika khadi la mawu. Palibe. Apa ndinaika maramu anayi, timitengo tija tothandiza makina kukumbukira. Kwatsala kamodzi, ndipo si kanga. Ichi chopereka magetsi sindinachionepo chibadwire. Tandiuzani, pachiyambi inkatani?"

"Inalira katatu."

Mmisiriyo anatsinzina. "Katatu. Ramu imodzi inasukusika poinyamula pamaliro paja. Inkangofunika kuikankha ndi chala. Mukanabwera tsiku lomwelo, madzi a tiyi asanawire mukanamva nyimbo yanu."

Mayiyo anakhala pansi, pasimenti pomwepo. Anayang'ana m'kompyutamo pamalo pa chipangizo chosungira nyimbo, pamene panali poonekera kwa aliyense. Panali pululu.

"Ndiye kuti mawu aja apita?"

Mmisiriyo anatembenuza kompyutayo, namasula mbali inayo, imene palibe anaiganizira. Kuseri kwa bolodi lalikulu lolumikizirapo zipangizo zonse kunali kachipangizo kakang'ono, kotalika ngati chala.

"Amuna anu anandiuza kuti zofunika kwambiri ndiziike pamene dzanja lachilendo silingafike. Akuba amadziwa zimene zimagulitsika. Ine ndikudziwa pamene ndinaika chilichonse."

Anakazula, nakalowetsa m'makina ake. M'kachipindamo munamveka mawu a mwamuna akuimba, kenako kuseka, kenako dzina. Mmisiriyo anatuluka panja, namusiya alire yekha.

Zinazo sizinabwerenso. Mmisiriyo anamuuza poyera kuti kuimanganso kudzatenga nthawi, chipangizo chimodzichimodzi monga poyamba.

Abale ndi alongo, ena a ife taika maliro chaka chino, ndipo tinakwiyira Mulungu. Sindikudzudzulani. Koma onani kumene mkwiyo umatipititsa. Timamulambalala Iye amene anatiumba, n'kunyamula mtima wathu wosweka kupita nawo kwa aliyense amene wakhoma chikwangwani. Uyu akuti ali ndi mafuta. Uyu akuti waona m'masomphenya amene analodza mwamuna wako, ndipo ndi mlongo wako yemwe. Uyu akuti usalire, kulira n'kusowa chikhulupiriro. Amatilandira ndi mawu okoma, ndipo timabwerako tapepuka. Apa achotsapo pemphero. Apa achotsapo abale. Apa achotsapo tulo. Anthu otere amadya anamfedwa, ndipo ndikunena mosabisa kuti Mulungu amawaona, ndipo mkwiyo wake pa iwo ndi waukulu kuposa wanu.

Mayi uja sanapite kwa mmisiri ndi ulemu. Anapita akukalipa. Koma anapita pakhomo loyenera. Wokumangani sathawa mawu anu owawa. Amadziwa chimene chinasukusika mwa inu tsiku la maliro, amadziwa chimene alendo anachotsamo, ndipo pali china chimene anabisa pamene dzanja lachilendo silinafikepo.

Ngati mwakwiya, kwiyani. Koma mkwiyowo musaugulitse kumsika. Pitani nawo kwa Iye amene anakumangani, mukamuponyere kumapazi, ndipo mukhalebe pomwepo mpaka atsegule.