Jakisoni wa a Chidzanja

Kalekale, kuphiri lina la nkhungu ndi nsungwi, kunali banja la anyani akuluakulu otchedwa magorila. Misampha ndi matenda zinali zitawapulula, moti otsala anali ochepa zedi. Dokotala wawo anali Nungu, kanyama kofatsa kamene kankaviika minga yake m'mankhwala n'kumabaya nayo odwala. Amene ankamudwalitsa mutu anali a Chidzanja, mkulu wa banjalo, chimphona choopa jakisoni koma chosafuna kuvomera.

Chaka china a Chidzanja anayamba kutsokomola. Kukhosi kukangoyabwa, ankadziguguda pachifuwa kuti phokosolo libise kutsokomolako. Akazi awo ankanyadira kuti bambo mphamvu zawachulukira, koma Nungu sananamizike.

"Bambo, ng'oma yanuyi ikulira mosasa," anatero Nungu. "Bwanji tibaye kamodzi kokha?"

"Ine kudwala?" anakalipa a Chidzanja. "Mwamuna weniweni sabayidwa! Kabaye agologolo uko."

Nungu anawachonderera kuti mwina ayambe atalikirana ndi Tsalani, mwana mmodzi yekhayo amene banjalo linali naye. Iwo anakana, nkhope gwa. Sipanapite nthawi, Tsalani anayamba kutsokomola, thupi kutentha, nsungwi zanthete osazifunanso. Nungu mtima unamuwawa, poti ankadziwa kuti mwanayo akapita, mtundu wonse watha.

Anaviika munga msangamsanga n'kupita nawo. Tsalani atangomuona, anakwawa n'kukwera pamwamba pa mtengo.

"Tsika, mwanawe, ndikuthandize," anatero Nungu.

"Toto! Ababa anati mwamuna weniweni sabayidwa. Inenso ndine mwamuna!"

Kamwanako kanali kofooka, koma kanakakamira nthambi. Aliyense akati akwere, iko kankasunthira kunsonga kopyapyala. Nungu anatembenukira kwa a Chidzanja.

"Mwawamva mawu anu, bambo? Ine mumtengo sindikwera. Mwanayu satsika pokhapokha akuoneni inu mukubayidwa."

A Chidzanja anayang'ana mwana wawo kumwambako, kenako anayang'ana minga ya Nungu. Thukuta linangoti kamukamu. Pang'onopang'ono anagona chafufumimba, banja lonse likuonerera.

"Usankheko kakang'ono," ananong'ona.

"Kakang'ono ndasungira mwana," anayankha Nungu. "Wanu ndi uwu."

Mungawo utangolowa, chimphona chija chinakuwa, "Mayo ine! Ndafa ine!" Mbalame zonse za m'phirimo zinabalalika. Akazi awo anabisa nkhope m'masamba, mapewa akugwedezeka ndi phwete. Tsalani anatsika uku akuseka, uku akutsokomola.

"Ababa, inunso! Taonani mmene amachitira."

Anatembenuka yekha, Nungu n'kumubaya, ndipo sanalire ngakhale pang'ono. Onse awiri anachira. Koma kuyambira tsiku limenelo, a Chidzanja akadziguguda pachifuwa, agologolo ndi apusi m'mitengo ankayankha ndi timawu tating'ono, "Mayo ine! Ndafa ine!" Iwo ankangokhala ngati sakumva, n'kumathyolera mwana wawo nsungwi zanthete, iye akudya mosaona mbali.

Phunziro: Wamkulu akabisa mantha ake ndi matama, amene amavulala ndi ana omutsanzira. Kusekedwa n'kochititsa manyazi, koma sikungafanane ndi kutaya mwana.