Chitenje cha Nangondo pa Chipata cha Yunivesite

Khalani bwino ana inu, ndipo iwe ukuseka ukoyo tseka pakamwa, chifukwa ya lero si yoseketsa.

Kuseri kwa phiri la Dedza kunali mayi wina dzina lake Nangondo. Mwendo wake wamanzere unali waufupi chibadwire, moti akamayenda ankachita kupendekera mbali imodzi. Mwamuna wake anamwalira mwana ali kumsana, ndipo mwanayo, Lekeleni, ndiye anali chitonthozo chake, ndiye analinso chuma chake. Ntchito ya Nangondo inali yophwanya miyala m'mbali mwa msewu n'kumagulitsa kwa omanga nyumba. Dzuwa lonse linkathera pamutu pake, nyundo ili go! go! go!

Lekeleni mutu anali nawo, zimenezo sitingamunamizire. Ali sitandade sikisi anauza amake kuti, "Amayi, ine ndidzapita ku yunivesite, ndidzakhala dokotala."

Anthu atamva anaseka mpaka kugwira nthiti. Mwana wa wophwanya miyala? Koma Nangondo sanaseke. Anangoti, "Iwe phwanya mabuku, mwanawe, ine ndiphwanya miyala."

Ndipo anaphwanyadi. Zala zinang'ambika, fumbi linamulowa m'chifuwa n'kumusiyira kutsokomola kosatha, koma Lekeleni sanabwezedwepo kusukulu ndi tsiku limodzi lomwe. Dzina lake litamveka kuti wasankhidwa kukaphunzira udokotala, Nangondo anaimba nthungululu mpaka mawu kusasa.

Ku yunivesiteko Lekeleni anapeza ana a mabwana, makolo awo obwera pa galimoto atanyamula zonona. Tsiku lina anzakewo anayamba kutsanzira kayendedwe ka mayi wina wolumala amene ankagulitsa nthochi kumeneko. Onse anaseka, nayenso anaseka nawo, koma mumtima munali mukuwawa. Kuyambira pamenepo, akafunsidwa za kwawo ankangotchula amalume ake, a Zingalume, okhala m'tauni, kumene ankakathera tchuthi. Sikuti amake ankadana nawo, ayi, ankawakonda ndithu. Koma manyazi ndi oipa, ana inu, amalowa ngati chiswe.

Zaka zinatha, maphunziro anatha, tsiku lolandira digiri linayandikira. Wophunzira aliyense anapatsidwa makhadi awiri oitanira abale. Lekeleni anawayang'ana makhadiwo nthawi yaitali, kenako anakawapereka kwa amalume ndi akazi awo, n'kuwanamiza kuti amayi akana kubwera. Kumudzi anatumiza uthenga wakuti, "Amayi, musavutike, ulendowu ndi wautali. Ndidzabwera ndekha kudzakuonetsani."

Nanga mayi angakhale pansi tsiku ngati limenelo? Nangondo anagula chitenje chatsopano, nakwera basi m'mamawa. Pachipata alonda anamubweza poti analibe khadi. Iye sanakangane nawo. Anakhala pamwala kunja kwa mpanda, dzuwa likumuswa, akumvetsera mayina pa zokuzira mawu mpaka anamva la mwana wake.

Mukudziwa mwambo wa kwathu: mwana akatichotsa chitonzo, amayi amayala chitenje pansi kuti adutsepo. Ndiye anthu atayamba kutuluka, Nangondo anamuona Lekeleni atavala mkanjo wakuda, ali pakati pa anzake. Anathamanga mopendekera chomwecho, chitenje pansi yale, nthungululu m'mwamba.

"Ponda, mwana wanga, ponda! Lero wandiveka!"

Lekeleni anaima njo. Maso a anzake onse anali pa mwendo uja, pa zala zong'ambika zija. Mmodzi anafunsa, "Leke, amayiwa ukuwadziwa?"

Mtima unkati awakumbatire, pakamwa panatuluka zina.

"Ndi amayi ena a kumudzi kwathu," anatero, nalambalala chitenjecho.

Nthungululu inadukira pakhosi. Nangondo anawerama pang'onopang'ono, natola chitenje chake, nachikung'untha fumbi, nachipinda bwinobwino.

"Pepani, adokotala," anatero motsitsa mawu. "Ndimayesa mwana wanga."

Anatembenuka n'kulowera kokwerera basi. Lekeleni ankawaona akupita mpaka anabisika m'gulu, koma mapazi ake sanasunthe.

Tsiku limenelo Lekeleni sanawatsatire amake. Anadziuza kuti Loweruka apita akagwade. Loweruka linafika, mantha anamugwira. Anati mwezi wamawa. Kenako anayamba ntchito kuchipatala, nati apita akapeza mpata. Patatha miyezi itatu uthenga unabwera wakuti chifuwa cha amake chija chakula, afulumire. Anafulumira ndithu, atanyamula mankhwala odzaza chikwama, koma asanafike pakhomo anamva kulira kwa azimayi m'nyumba ya siwa.

Atalowa anapeza thupi lakulungidwa m'chitenje chija. Mayi wina wachikulire amene anasambitsa malirowo anamuuza kuti, "Anatiuza okha. Anati mundiikire m'chimenechi, n'choyera, palibe anachipondapo."

Lekeleni anagwa pansi, nagwira mwendo waufupi uja, nakuwa, "Amayi anga! Amayi anga ine!" Anaitana mpaka mawu kutha, koma woyankha panalibe.

A Zingalume, amene tsopano anali atamva zonse, anamudzutsa misozi ili mbwembwembwe. "Mphwanga," anatero, "mawu amenewo ukanawanena pachipata paja. Mako ndi mako, angachepe mwendo."

Mawuwo anthu anapita nawo kuchokera pamaliropo, ndipo tikuwanenabe mpaka lero. Tanthauzo lake n'lakuti amene anakubala ndi kukulera sungamusinthe, kaya ndi wolumala, kaya ndi wosauka, kaya sadziwa kulemba dzina lake. Ku yunivesite pitani, ana inu, ndikufuna mupite nonse. Koma mayi wako akakuyalira chitenje, ponda akali ndi maso okuonera. Lekeleni anachiritsa anthu ambirimbiri mpaka kukalamba, koma akamva nthungululu ankatuluka panja kukalira.